Musawalande ana mabuku a milungu ndi a milandu yakupha

Mkangano wa zomwe achinyamata ayenera kuwerenga sukutha. Umabuka pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, umamveka m'maulaliki, ndipo masiku ano wafika m'magulu a WhatsApp, kumene kholo limajambula chikuto cha buku lomwe lapeza m'chikwama cha mwana n'kufunsa anzake ngati lilitenthe kapena lilibise. Mabuku omwe amaimbidwa mlandu kawirikawiri ndi amitundu iwiri: ankhani zopeka zochokera ku nthano za milungu ndi mizimu, komanso ankhani zofufuza amene wapha munthu. Ine ndimawerenga mitundu yonse iwiri, ndimaikonda, ndipo maganizo anga ndi akuti mabuku amenewa akuyenera kupezeka m'nyumba zathu, m'malaibulale a sukulu ndi m'manja mwa ana athu. Chifukwa changa chachikulu n'chakuti munthu wozolowera mabukuwa amadziwa kusiyanitsa nthano ndi umboni, ndipo luso limeneli likusowa kwambiri pakati pathu, mpaka anthu akufa chifukwa cha kusowa kwake.

Ndiyambe ndi dandaulo lomwe limamveka kwambiri, loti mabukuwa amangotayitsa nthawi. Makolo amati mwana ali ndi mayeso a MSCE kutsogolo, fizi ikuvuta kupeza, ndiye akhalirenji usiku wonse ndi nkhani ya munthu amene sanakhaleko n'komwe? Dandauloli ndi la anthu okonda ana awo, ndipo nanenso ndingavomereze kuti mwana amene wasiya masamu sabata ya mayeso chifukwa cha buku la nthano ayenera kudzudzulidwa. Komabe funsani mphunzitsi aliyense wa Chichewa kapena Chingerezi chomwe chimagwetsa ana ambiri. Adzakuuzani kuti ana satha kukhala ndi ndime yaitali mpaka kuimaliza, amatopa pamzere wachitatu, ndipo amayankha funso lomwe sanafunsidwe. Kuwerenga kuli ngati kugwira khasu: dzanja limalimba pogwira tsiku ndi tsiku. Mwana amene wamaliza masamba 300 chifukwa mtima unali dyokodyoko kufuna kudziwa amene anathira chiphe m'tiyi waphunzira kukhala pansi, kusunga mayina khumi m'mutu ndi kukumbukira zomwe zinanenedwa kumayambiriro. Palibe amene anamukakamiza. Ndipo ngakhale phinduli likanapanda kukhalapo, kusangalala pakokha n'chifukwa chokwanira. Sitifunsa wosewera bawo kapena womvera mpira pa wailesi kuti atiuze phindu lomwe wapeza madzulo amenewo.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera, ndipo ndikhalapo nthawi. Ena amati nkhani za kupha zimasandutsa imfa kukhala masewera, ndiponso zimaphunzitsa njira zophera. Kwa ife amene maliro timawalemekeza, amene timasiya ntchito kukagona pa siwa, kumva kuti wina akusangalala ndi buku loyamba ndi mtembo kumanyansa. Ndikumvetsa, ndipo n'zoona kuti alipo mabuku omwe amangokhalira kufotokoza magazi ndi nkhanza popanda china chilichonse. Amenewo sindiwaikira kumbuyo, ndipo mwana wa sitandade 6 sayenera kuwagwira. Koma nkhani yeniyeni yofufuza mlandu imayenda mosiyana. Kuphako kumatenga tsamba limodzi kapena awiri, nthawi zambiri kumachitika wowerenga asakuona. Masamba ena onse ndi a munthu mmodzi amene wakana kuti imfayo ingopita choncho. Womwalirayo akhale wantchito wa m'nyumba, akhale nkhalamba yopanda abale, wofufuza amafunsabe mpaka choona chituluke. Buku lotere limauza wowerenga kuti moyo wa munthu mmodzi ndi wokwanira kusokoneza mtendere wa mudzi wonse mpaka wolakwa apezeke.

Tiyeni tione pafupi mmene wowerenga amachitira. Tinene kuti m'nkhani ina mwini golosale wapezeka atafa m'mawa. Mlonda akuti sanachoke pakhonde usiku wonse ndipo sanamve kanthu chifukwa mvula inali yamphamvu pamalata. Mphwake wa malemuyo anakangana naye dzulo lake pa nkhani ya ndalama, ndipo aliyense pamsika akuloza iyeyo. Wowerenga watsopano amalozanso mphwakeyo. Wowerenga wozolowera amabwerera masamba makumi awiri kumbuyo, chala chili pamzere, kufuna pomwe wolemba ananena modutsa kuti jekete la mlonda linali litayanikidwa pampanda likudontha madzi. Munthu amene sanachoke pakhonde lofoleredwa, jekete lake lanyowa bwanji? Mwina mlondayo ndiye wapha, mwina anangothawira kwa chibwenzi chake ndipo akuopa kuchotsedwa ntchito. Wowerenga amaphunzira zinthu ziwiri pamenepo: kuti wonama si nthawi zonse amakhala wakupha, ndiponso kuti amene aliyense akumuloza kawirikawiri amalozedwa chifukwa anthu ankamuda kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mabukuwa amakakamiza munthu kudekha.

Tsopano ikani phunziro limeneli pambali pa zomwe zakhala zikuchitika kwathu kuno. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. M'chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kaye antchito ake m'maboma ena. M'zochitika zonsezi panalibe amene anaima n'kufunsa kuti: waona ndani, nthawi yanji, anali pati, nanga tikudziwa bwanji? Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lokha silisintha kaganizidwe ka anthu. Chimene chimasintha kaganizidwe ndi chizolowezi chofunsa umboni, ndipo nkhani zofufuza milandu zimabzala chizolowezi chimenechi mwa munthu akadali wamng'ono, iye akungoona ngati akusangalala. Sindikunena kuti buku likanaletsa chigulu cholusa. Ndikunena kuti m'chigulu chilichonse mumafunika munthu mmodzi kapena awiri amene mtima wawo sukhutira ndi mawu akuti "aliyense akudziwa kuti ndi iyeyu", ndipo anthu otere amachita kuumbidwa.

Pali mfundo ina imene otsutsa a kumpingo mwina sadziwa. M'chaka cha 1929, Ronald Knox wa ku England analemba malamulo khumi oti olemba nkhani zofufuza milandu azitsatira. Knox anali wansembe wa Katolika, yemwenso pambuyo pake anamasulira Baibulo lonse m'Chingerezi kuchokera m'Chilatini. Limodzi mwa malamulo akewo limati yankho la mlandu lisachokere ku mphamvu zamatsenga kapena za mizimu. Wolemba saloledwa kuthawira ku mawu akuti anachita kulodzedwa. Ayenera kusonyeza dzanja la munthu, chifukwa chake ndi njira yake, ndipo zizindikiro zonse aziike poyera kuti wowerenga athe kuzipeza yekha. Munthu wachikhulupiriro chozama ndiye anaumirira zimenezi, chifukwa ankadziwa kuti pa mlandu wa magazi chofunika ndi umboni womwe munthu wina aliyense angauone.

Nanga zoti mabukuwa amaphunzitsa kupha? Wofuna kupha mnzake safuna buku. Mankhwala a makoswe ndi a mbewu ali m'misika yonse. Chomwe mbiri imatisonyeza n'chakuti chidziwitso cha m'mabukuwa chinapulumutsapo moyo. Agatha Christie, wolemba nkhani zofufuza milandu wa ku England, anagwira ntchito yokonza mankhwala pachipatala ku Torquay nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'chifukwa chake ankafotokoza za ziphe molondola. M'buku lake la 1961 lotchedwa The Pale Horse anafotokoza zizindikiro za chiphe cha thallium, kuphatikizapo kuthothoka kwa tsitsi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mwana wakhanda wochokera ku Qatar anagonekedwa pachipatala cha Hammersmith ku London ndi matenda omwe madokotala ankalephera kuwazindikira. Namwino wina amene ankawerenga bukulo anaona kuti zizindikiro zikufanana, anauza madokotala, anayeza, anapeza thallium, ndipo mwanayo anachira. Kufupi ndi kwathu, Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa khoti lalikulu ku Botswana, anasankha nkhani yopeka yofufuza mlandu mu 2002 kuti alankhule za kupha ana pofuna zizimba, ndi mmene anthu amphamvu amakwiririra milandu yotere. Ife amene taona abale athu achialubino akusakidwa kuyambira cha m'ma 2014 sitingauze woweruzayu kuti ankachita masewera ndi imfa.

Ndifike ku mabuku a milungu, kumene mkangano umatentha kwambiri. Otsutsa amati mabuku otchula Zeus, Shiva, Ogun kapena mizimu ya m'madzi amatsegula khomo la ziwanda ndipo amaphunzitsa ana kulambira mafano. Amene amanena izi amateteza chinthu chomwe amachiona kuti n'chopatulika, ndipo kholo lili ndi ufulu wotsogolera chikhulupiriro cha mwana wake. Nkhawayi ndi yakalenso: Plato, munthu wanzeru wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankafuna kuti nthano zina za alakatuli zokhudza milungu zisamauzidwe kwa ana. Koma kudziwa nkhani ya mulungu wina ndi kumulambira ndi zinthu ziwiri. Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 14, limati anthu a ku Lustra anatcha Barnaba kuti Zeus ndipo Paulo anamutcha Hermes chifukwa ndiye ankatsogolera polankhula. Wowerenga amene akudziwa kuti Hermes anali mthenga wa milungu ya Agiriki amamva ndimeyi bwino kuposa amene sadziwa. Pamutu 17, Paulo yemweyo polalikira ku Athens akugwira mawu a alakatuli a Agiriki, zomwe zikusonyeza kuti anawawerenga ndipo chikhulupiriro chake sichinagwedezeke. C.S. Lewis, amene mabuku ake oteteza Chikhristu amawerengedwa m'mipingo yambiri, analembanso mu 1956 buku lonse lofotokoza mwatsopano nthano yakale ya Aroma ya mulungu wa chikondi Cupid ndi mkazi wotchedwa Psyche.

Komanso tisaiwale kuti tonse tinakulira m'nthano zoterezi. Agogo ankatiuza kuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma iye poyenda mwachidodo anapitiriridwa ndi buluzi amene anafika ndi uthenga wakuti imfa ndi yamuyaya. Tinamva za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene akuti anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Agogo omwewo Lamulungu m'mawa ankavala yunifolomu ya Mvano kapena ya Chigwirizano n'kupita kutchalitchi, Lachisanu ena n'kupita kumzikiti, osaona chosemphana chilichonse. Ankadziwa kuti nthano ya bilimankhwe imanyamula funso lomwe munthu aliyense amafunsa pamanda, loti n'chifukwa chiyani timafa, ndipo imaliyankha m'njira yoti mwana alisenze. Chomwe wolemba wamakono amachita ndi kutenga nthano yotere n'kulowa m'kati mwake: bilimankhwe ankaganiza chiyani panjira, anamva bwanji atafika mochedwa, anthu anamuyang'ana ndi maso otani? Apa ndi pomwe pali kukoma kwa mabuku amenewa. Mathero ukuwadziwa kale, koma ukufuna kuona mmene zinamvekera kwa amene anali m'katimo, makamaka aja amene nthano yakale inangowatchula modutsa, monga akazi, akapolo ndi ogonjetsedwa.

Pali funso lovuta kuposa onsewa, ndipo wowerenga watcheru walifunsa kale. Ngati ndikudandaula za anthu ophedwa chifukwa cha zikhulupiriro za ufiti, ndingalimbikitse bwanji mabuku odzaza ndi mizimu ndi matsenga? Kodi sindikuthira mafuta pamoto womwe ndikuti tiuzimitse? Yankho langa ndi lakuti nthano ili ndi mpanda wake. Wofotokoza akati "padangokhala" ndipo omvera n'kuyankha kuti "tili tonse", aliyense, ngakhale mwana wa zaka zisanu, amadziwa kuti talowa m'dziko lomwe kalulu amalankhula. Chikuto cha buku chimagwira ntchito yomweyo. Mphekesera ilibe mpanda. Imabwera itavala zovala za uthenga weniweni, ikuti zachitika dzulo kumudzi wakuti, mlamu wa mnzanga waona ndi maso. Amene anagenda anthu mu 2017 sanatenge maganizowo m'buku la nthano. Anawatenga kwa mnansi ndi pa foni. Mwana amene wawerenga nthano za Agiriki, za Amwenye, za Ayoruba ndi za Amaravi amaona kuti mtundu uliwonse uli ndi njoka yake yaikulu, chigumula chake ndi mphenzi yake, ndipo amayamba kuzindikira nthano ikamabwera ngakhale itabisala. N'chifukwa chake ndimati mitundu iwiri ya mabukuyi imathandizana. Wina umakuphunzitsa kusangalala ndi zodabwitsa uli m'kati mwa mpanda, winawo umakuphunzitsa kuti kunja kwa mpandawo, pomwe pali mtembo weniweni ndi woganiziridwa weniweni, chofunika ndi umboni basi.

Apa ndiyenera kuwonjezera chenjezo kwa anzanga okonda mabukuwa. Zomwe ena timazitcha nthano, kwa ena ndi chipembedzo chamoyo. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje anthu akadalemekeza Mbona ndipo kachisi wake ali ndi omusunga. Shiva ali ndi omulambira mamiliyoni ambiri ku India. Wolemba amene akutenga nkhani zoterezi ayenera kuzigwira ndi manja awiri, ndipo wowerenga asamaganize kuti buku lopeka lamuuza zonse za chipembedzo cha eni ake.

Dandaulo lomaliza ndi lakuti mabukuwa ndi achilendo, amadzaza mitu ya ana athu ndi nyumba za ku England ndi mapiri a ku Greece pomwe zakwathu sakuzidziwa. Pamenepa ndikugwirizana ndi otsutsa kuposa pena paliponse. Pitani kwa ogulitsa mabuku akale amene amayala pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mupeza mabuku achikasu ndi ukalamba, ena ali ndi chidindo cha laibulale ya kutsidya kwa nyanja, ena msana wake womatidwa ndi selotepi. Wogula wodziwa amayamba watsegula kumapeto, diso lili pa nambala za masamba okha kuti asaone dzina la wakupha, pofuna kutsimikiza kuti masamba omaliza sanathothoke. Pamulu wonsewo, buku lofufuza mlandu lolembedwa m'Chichewa n'lovuta kulipeza. Koma mankhwala a vutoli si kulanda mwana buku lokhalo lomwe walipeza. Olemba amabadwa mwa owerenga, ndipo amene adzalembe nkhani zathu ndi mwana yemweyu amene lero akubisa buku pansi pa desiki.

Zitsanzo zilipo. D.O. Fagunwa, mphunzitsi wa ku Nigeria, anatulutsa mu 1938 buku la mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu, ndipo analilemba m'Chiyoruba kwa anthu a kwawo. Wole Soyinka anadzalimasulira m'Chingerezi mu 1968. Kuno kwathu Steve Chimombo analemba sewero la Mbona lomwe linasindikizidwa mu 1978, ndipo anatenga Napolo, njoka ya pansi pa phiri yomwe anthu amaitchula pokumbukira zigumula za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, n'kuisandutsa mutu wa ndakatulo zake. Pa nthawi imene lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linkatseka anthu pakamwa, olemba a ku Chancellor College ankabisa zomwe akufuna kunena m'nthano za makolo. Jack Mapanje anaika bilimankhwe ndi milungu m'dzina lenileni la buku lake la 1981, ndipo aboma sanalione ngati masewera a ana: anamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Amene amati nthano za milungu n'zopanda pake afotokoze chifukwa chomwe olamulira ankaziopera.

Choncho pempho langa likupita mbali zingapo. Kholo lomwe lapeza buku lotere m'chikwama liyambe lawerenga mitu iwiri kapena itatu lisanagamule, kenako lifunse mwanayo kuti akuganizira ndani ndipo umboni wake ndi uti. Ngati bukulo lapitirira msinkhu wake, lisungidwe mpaka akule, osati kulitentha. Aphunzitsi oyang'anira malaibulale ndi a National Library Service aike mabukuwa pamashelefu oonekera. Koma pempho lalikulu likupita kwa olemba ndi osindikiza athu, kuphatikizapo a Malawi Writers Union akamakonza mipikisano. Malo a nkhani tili nawo ochuluka. Sitima ya Ilala ikanyamuka ku Monkey Bay kulowera ku Likoma, anthu amatsekeredwa pamodzi maola ambiri, palibe wotsika pakati pa nyanja, ndipo wolemba nkhani zofufuza milandu safunanso china choposa pamenepo. Kumsika wa fodya ku Kanengo kuli ndalama, ngongole ndi nsanje. M'midzi muli mikangano ya ufumu ndi ya minda yomwe imatha zaka. Wofufuza wathu akhoza kukhala mzamba wopuma ntchito kapena kalaliki wa bwalo la mfumu, munthu amene amadziwa kuti wamkulu safunsidwa mwachindunji ndipo amayenera kuzungulira ndi ulemu mpaka choona chituluke. Mlandu wake woyamba ukhale wa gogo amene mudzi wonse wagamula kale kuti ndiye wapha, ndipo bukulo likhale la mtengo woti mwana wa fomu 2 angakwanitse kugula.